Mkaka Wocokera M'munda

Awa ndi mau amene mlangizi wa za cakudya analankhula pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi amai m'boma la Nkhotakota. Tawalemba pano kuti odziwa kuwerenga awerengere anzao kumudzi.

Ndabwera kudzakamba za mkaka. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka mumtima, kuti, "Mkaka wanji kuno kunyanja kosowa makola?" Nzoonadi, ng'ombe nzocepa kuno kwathu. Cifukwa cimodzi ndi nchenche za kashembe za m'nkhalango yathu ya Nkhotakota, zimene zimapha ng'ombe ndi kupatsa anthu nthenda ya kaodzera. Mkaka wa m'sitolo nao ufuna ndalama zambiri. Koma ulipo mkaka wina wosalira khola kapena mbusa. Umenewo ucokera m'munda, ndipo mai ali yense akhoza kuupanga ndi mtondo, mphika ndi kansalu koyera.

Poyamba ndinene cifukwa cace nkhaniyi iri yaikulu. Pamene Boma linayesa ana m'dziko lonse m'zaka za 2015 ndi 2016, linapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira. Ife kuno timadya kondowole. Cinangwa ndi mbeu yabwino, ndipo cimatipulumutsa caka ca cilala, koma cimapatsa mphamvu zokha. Zomanga thupi muli zocepa ndithu. Mwana wodya kondowole ndi msuzi wokha amakhuta, koma sakula. Pambuyo pace tsitsi limafiira, miyendo imatupa, ndipo mwanayo amangokhala cete osasewera. Ambiri amati walodzedwa kapena ndi tsempho. Madotolo amaicha nthendayi kwashiorkor, dzina la ku Ghana limene Dr. Cicely Williams analidziwitsa kwa madotolo anzace m'caka ca 1935. Mankhwala ace oyamba ndi cakudya.

Tsono taonani soya. Pa makilogalamu 100 a soya, oposa 35 ndi zomanga thupi, pamene pa makilogalamu 100 a ufa wa cinangwa zomanga thupi sizifika makilogalamu 3. Anthu a ku China akhala akumwa mkaka wa soya kwa zaka mazana ambiri. M'caka ca 1940 munthu wina wa ku Hong Kong, dzina lace K. S. Lo, anayamba kuugulitsa m'mabotolo kuti amphawi osatha kugula mkaka wa ng'ombe apeze cakumwa comanga thupi. Kuno kwathu nonse mudziwa Likuni Phala, limene linayambira ku Likuni pafupi ndi Lilongwe. Phala limenelo ndi cimanga cosakaniza ndi soya. Mbeu za soya monga Tikolore, Nasoko ndi Makwacha zimabereka bwino m'dziko muno, ndiponso soya amabwezera conde m'nthaka.

Kapangidwe ka mkaka nkotere. Tengani kapu imodzi ya soya wouma, mumsankhe bwino kucotsa miyala ndi mbeu zofumbwa. Wiritsani madzi poyamba, kenaka muzithira soyayo pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira, ndipo awire theka la ora. Musayambe ndi madzi ozizira, pakuti ndiwo amautsa pfungo lija limene ana amakana. Kuwiritsaku nkofunikanso cifukwa soya wosapsa ali ndi zinthu zoletsa mimba kugaya cakudya. Akapsa mtsukeni, mumtikite m'manja kuti makoko ayandame, muwataye. Sinjani mumtondo woyera kufikira atasalala, thirani makapu asanu a madzi, takasani, ndi kusefa pa kansalu koyera. Madzi oyera amene atuluka muwawiritsenso mphindi khumi mukutakasa, pakuti amasefukira msanga. Ikani kamcere ndi shuga pang'ono. Umenewo ndiwo mkaka. Zotsala pa kansalu musataye. Muziike m'phala, m'ndiwo zamasamba kapena m'zitumbuwa.

Kapu ya mkaka umenewu, ukakhala wosasungunula kwambiri, iri ndi zomanga thupi pafupifupi zofanana ndi kapu ya mkaka wa ng'ombe. Mtedza nao upanga mkaka mwa njira yomweyi, koma wace uli ndi mafuta ambiri ndi zomanga thupi zoceperapo.

Koma ndikadakunamizani ndikadaimira pomwepa. Pali macenjezo asanu, ndipo ndipempha aphunzitsi kuti awalembe.

Loyamba ndi ili: mkaka wa soya sulowa m'malo mwa bere. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, osampatsa ngakhale madzi, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kuposa. Akakwana miyezi 6 mukhoza kuphikira phala lace mkaka wa soya, koma wakumwa m'kapu ayambe atakwana caka. Mai akamwalira kapena akadwala kosatha kuyamwitsa, tengerani khandalo ku cipatala; musaliyese ndi mkaka wapakhomo.

Laciwiri: mkaka wa ng'ombe uli ndi mcere wolimbitsa mafupa ndi mano wochedwa kashiamu, umene mu mkaka wa soya muli wocepa. Apa ife a kunyanja tiri ndi mwai woposa anzathu a kumtunda, pakuti usipa, umene timadya ndi minga yace yomwe, uli ndi mcere umenewu wambiri. Sinjani usipa wouma, muike supuni imodzi m'phala la mwana. Abambo asodzi, musagulitse nsomba zonse padooko nkubwera kunyumba ndi ndalama zokha.

Lacitatu: si coyera ciri conse cimene ciri mkaka. Ufa wina wa m'timapaketi wothira mu tiyi ndi mafuta ndi shuga cabe. Umayeretsa tiyi koma sumanga thupi. Werengani zolembedwa pa paketi musanagule. Cimodzimodzi madzi a mpunga: ngakhale mpunga wathu wa kuno uli wochuka, madzi ace oyerawo alibe zomanga thupi zokwanira mwana.

Lacinai ndi cuku. Mtedza ndi cimanga zikasungidwa zisanaume zimacita cuku, ndipo m'cukumo mumatuluka poizoni woononga ciwindi. Poizoniyo anadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil. M'caka ca 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya cimanga ca cuku. Kuwiritsa sikupha poizoni ameneyu. Cifukwa cace yanikani mbeu zanu pa mphasa kapena pa thandala, osati padothi. Musawaze madzi pa mtedza pofuna kuswa mosabvuta. Ndipo mtedza wowawa, wofota kapena wakuda muutaye. Ambiri timagulitsa mtedza wabwino nkusiya woipa kuti ukhale wa nsinjiro za ana athu. Mwambo umenewo uthe.

Lacisanu ndi ukhondo. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo midzi ya kunyanja siinaiwale. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe nchitoyi. Mkaka ukapsa musathiremonso madzi osawiritsa a m'nyanja, a mu Bua kapena a pa Chia. Kuno kumatentha, ndipo mkaka wa soya umasasa msanga. Pangani wokwanira tsiku limodzi, muubvundikire, ndipo wogona musampatse mwana.

Potsiriza ndilankhule ndi abambo. Soya akakololedwa mavenda amafika ndi sikelo zao, ndipo matumba onse amapita tsiku limodzi. Ndalamazo zimatha mwezi usanathe, mwana nkutsala ndi kondowole yemwe uja. Patulani ndowa ziwiri kapena zitatu za pakhomo musanaitane wogula. Akulu anati m'mera mpoyamba: msinkhu ndi nzeru zimene mwana wataya asanakwane zaka ziwiri nzobvuta kuzibweza.

Mafumu, itanani amai a m'mudzi mwanu tsiku limodzi, mmodzi apange mkakawu onse akuona. Aphunzitsi, limani kamunda ka soya pasukulu kuti ana aphunzire ndi manja ao. Amai, pitani ndi ana kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo muone nokha pa khadi ngati mwana ali kukwera. Amene ali ndi mafunso aime tsopano, pakuti mphika ndi mtondo ziri panjapo, ndipo tisanabalalike ali yense alawa.