Likoma: Chilumba cha Malawi M'madzi a Mozambique



Munthu akaima pagombe la kum'mawa kwa Likoma, mapiri amene amaona pafupi ndi a Mozambique, ndipo Cobue ali patsidya pomwepo, ulendo wa bwato. Nkhata Bay ali kutali, ulendo wa maola angapo pa Ilala. Chilumbachi n'chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, chamiyala ndi mchenga, chodzala ndi milambe ndi mitengo ya mango. Nthaka yake ndi youma, kotero kuyambira kale anthu amadalira chinangwa ndi usipa, pomwe nkhuni ndi zakudya zina zinkachokera kutsidya.

Nanga zinatheka bwanji kuti Likoma ndi Chizumulu zikhale za Malawi? Mu 1885 amishoni a UMCA anakhazikitsa likulu lawo pachilumbachi. Anachikonda chifukwa madzi ankachitchinjiriza ku nkhondo za Angoni ndi kwa ogula akapolo amene ankasautsa midzi ya m'mbali mwa nyanja. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana dera lino mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizi zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoniyo. Pangano la 1954 linaika malire pakati pa nyanja, zilumbazi n'kusanduka za Nyasaland m'kati mwa madzi a eni. Mapangano onsewa anasainidwa ndi Azungu okhaokha. Anyanja a mbali ziwirizi, omwe ankakwatirana, kulirana maliro ndi kuyankhula chiyankhulo chimodzi, anangopezeka ali nzika za maufumu awiri.

Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chili pa Chipyela, malo amene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mabuku amatchula kwambiri Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanjayi mu 1895, ndi William Percival Johnson. Satchula mayina a amuna ndi amayi a pachilumba amene anasenza miyala ya nyumbayo, ndipo apa mbiri yolembedwa inaperewera.

Sukulu za mishoni zinachititsa kuti Likoma itchuke ndi anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Komabe maphunziro omwewo anachotsa ana ambiri pachilumbachi: aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe anabalalikira ku Zomba, ku Tanganyika ndi ku Rhodesia, pakuti kwawo kunalibe ntchito zowakwanira. Likoma inakhala boma palokha mu 1999, itachotsedwa pansi pa Nkhata Bay.