Ulendo wa ku Zanzibar: Nyumba ya Woyimba Freddie Mercury

Moni wapadera upite kwa ana a ku Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya nyama ya Lukusuzi, pakuti ulendo wathu wa lero uyambira kwanu. Aphunzitsi, pachikani mapu a Africa pamalo poonekera, ndipo mwana mmodzi aimirire ndi kamtengo kuti aziloza malo amene tizitchula.

Tikachoka ku Chikomeni tilowera kum'mwera kufikira ku Chipata. Pamenepo tikwera basi ya ku Lusaka, ndi kupitirira mpaka ku Kapiri Mposhi. Apa ndi pamene iyambira njanji ya TAZARA, imene inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975 ndi chithandizo cha dziko la China. Utali wake ndi makilomita 1,860. Sitima idutsa malire pa Nakonde, pamene aliyense ayenera kuonetsa pasipoti yake, niyenda m'dziko la Tanzania mpaka ku Dar es Salaam. Kumeneko tikwera sitima ya pamadzi, ndipo patatha maola awiri tiona chisumbu cha Zanzibar.

Dzina la Zanzibar mwalimvapo kale m'phunziro la mbiri. Kumeneko n'kumene amalonda ankapita ndi minyanga ya njovu pamodzi ndi akapolo ochokera kumaiko athu ano, kufikira msika wa akapolo unatsekedwa mu 1873. Mzinda wakale wa pachisumbupo utchedwa Stone Town. Nyumba zake n'zamiyala, zitseko zake n'zosemedwa mwaluso, ndipo njira zambiri n'zopapatiza kotero kuti galimoto silingapitemo. M'dera la Shangani muli nyumba imene tadzera. Inatsegulidwa mu November 2019 kuti isunge mbiri ya munthu mmodzi, woyimba wotchuka Freddie Mercury.

Mwazolowera kumva za nyumba zosungiramo zinthu zakale za mtundu wonse, monga ya ku Livingstone kapena ya Moto Moto ku Mbala. Koma ziliponso zina zokumbutsa munthu mmodzi yekha. Ku Chilenje, mu Lusaka, kuli nyumba ya nambala 394 m'mene ankakhala a Kenneth Kaunda pa nthawi yomenyera ufulu. Nyumba ya ku Zanzibar ndi ya mtundu womwewo, kungoti mwini nkhani sanali mtsogoleri wa dziko koma woyimba.

Tsono tiyeni tilowe. Si nyumba yaikulu ayi. Pazipupa pali zithunzi, ndipo pambali pa zithunzizo pali mawu ofotokoza. Mlendo akamayenda pang'onopang'ono nawerenga mawuwo, aona moyo wonse wa munthuyo kuyambira ukhanda.

Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar pa 5 September 1946, ndipo dzina limene makolo ake anam'patsa linali Farrokh Bulsara. Makolowo, a Bomi ndi a Jer Bulsara, anali ochokera ku India, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yosunga ndalama ku bwalo lalikulu la milandu. Ali ndi zaka 8 anam'tumiza ku sukulu yogonera komweko yotchedwa St. Peter's, ku Panchgani m'dziko la India. Taganizani, ana inu: mwana wamsinkhu wa Geredi 2 kuwoloka nyanja yamchere, kusiya amayi ake kutsidya! Kusukuluko anapitiriza kuphunzira piyano, ndipo ali ndi zaka 12 iye ndi anzake anayambitsa kagulu koyimba. N'komweko kumene anayamba kutchedwa Freddie.

Anabwerera ku Zanzibar mu 1963, koma sanakhalitse. Mu January 1964 boma la Sultan linagwetsedwa, ndipo anthu ambiri, makamaka Aluya ndi Amwenye, anaphedwa kapena kuthawa. Banja la a Bulsara linasamukira ku England chaka chomwecho, chimene ife tinalandira ufulu wathu. Freddie anali ndi zaka 17. Ku London anaphunzira luso lojambula pa Ealing Art College, ndipo mu 1970 anagwirizana ndi Brian May ndi Roger Taylor nayambitsa gulu lotchedwa Queen. John Deacon analowamo mu 1971.

Gululi linkayimba nyimbo za mtundu wotchedwa rock, zimene zimaimbidwa ndi magitala a magetsi ndi ng'oma zamphamvu. Nyimbo ya Freddie yotchedwa Bohemian Rhapsody inatuluka mu 1975, ndipo kwa milungu 9 inali patsogolo pa nyimbo zonse zogulidwa ku Britain. Pa 13 July 1985 gulu la Queen linayimba m'bwalo la Wembley pamaso pa anthu pafupifupi 72,000, pa chisangalalo cha Live Aid chimene chinakonzedwa kuti apeze ndalama zothandizira anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Freddie anamwalira pa 24 November 1991 ali ndi zaka 45. Tsiku limodzi asanamwalire anauza dziko lonse poyera kuti anali kudwala Edzi.

Tisanatuluke m'nyumbamo tidzifunse: n'chifukwa ninji alendo amachokera kutali kudzaona zithunzi za mwana wasukulu? Chithunzi pachokha ndi pepala chabe. Chimakhala chamtengo chifukwa wina anachisunga, nakumbukira kuti ali pamenepo ndani, chinajambulidwa kuti, ndiponso chaka chiti. Freddie ali mwana ankasonkhanitsa masitampu m'buku, monga amachitira ena a inu. Bukulo silinatayidwe, ndipo mu 1993 linagulidwa ndi nyumba yosunga mbiri ya mapositi ku London.

Tsono tibwerere kwathu, pakuti Zambia nayenso anali ndi nyimbo zake za rock. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Lusaka ndi ku migodi anatenga gitala wa magetsi namusakaniza ndi kaimbidwe ka kwathu, ndipo nyimbozo zinatchedwa Zamrock. Boma la a Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri zomveka pa wailesi zikhale za muno m'dziko. Panali gulu la Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, la Amanaz, la WITCH limene mtsogoleri wake anali Emmanuel Jagari Chanda, ndi la Ngozi Family la Paul Ngozi, amene ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Kampani ya Teal ku Ndola inkadinda mbale za galamafoni za nyimbo zimenezi.

Koma mtengo wa kopa utagwa, anthu anasowa ndalama zogulira mbale, ndipo magulu anayamba kutha. Pambuyo pake matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mbale zinasweka, zina zinaiwalika m'masutukesi. Panapita zaka zambiri kufikira kampani ya Now-Again ya ku America inayamba kufunafuna nyimbozo ndi kuzitulutsanso, ndipo mu 2012 inatulutsa pamodzi nyimbo za WITCH. Chifukwa cha ichi Jagari Chanda anayambanso kuyimba m'maiko akutali, ndipo mu 2023 gulu lake linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Pakadapanda anthu ochepa amene anasunga mbale zawo mosamala, sibwenzi adzukulu a oyimbawo akumva mawu a agogo awo.

Ngozi yomweyo ilipo m'mudzi mwanu. Alipo agogo amene amadziwa kusema ng'oma ndi kusankha chikopa choyenera. Alipo amayi odziwa nyimbo zapamtondo ndi za chimtali, ndi achikulire amene anali akatswiri a kalimba pa unyamata wawo. Aliponso amalume amene anapanga banjo ya chitini cha mafuta ndi mawaya a njinga. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma sakhala nafe mpaka kalekale. Nkhalamba ikapita osafunsidwa, ng'oma yake itsala pakhonde nidyedwa ndi chiswe, ndipo palibe adzadziwenso amene anaisema.

Ntchito yanu ya mlungu uno ndi iyi. Mwana aliyense apite kwa wachikulire mmodzi wa m'mudzi mwake, akhale pansi mwaulemu ndi kufunsa mafunso anayi: Choimbira ichi dzina lake n'chiyani? Anachipanga ndani, ndipo anachipanga ndi chiyani? Chinapangidwa chaka chiti, kapena pa nthawi ya mfumu iti? Chimaimbidwa pa mwambo wotani? Mulembe mayankho m'kope mwanu, pamodzi ndi dzina la wokuuzaniyo ndi tsiku. Musatenge chinthu cha mwini popanda chilolezo. Ngati akana kubwereketsa, chijambuleni papepala. Ngati akuuzani kuti zina n'zachinsinsi cha mwambo, monga za kudambwe, musaumirire.

Aphunzitsi, patulani ngodya imodzi ya kalasi, youma bwino ndi yotalikira chiswe, ndipo muikepo tebulo. Chinthu chilichonse chikhale ndi kapepala kake kolembedwa bwino, ndipo mayina a eni ake alembedwe m'buku kuti zobwereka zidzabwezedwe. Pa tsiku lotsekera sukulu itanani makolo ndi mafumu adzaone, ndipo mwini choimbira aliyense apemphedwe kuchiliza pamaso pa ana.

Nthawi yathu yatha. Tidzakumananso mlungu wamawa pa nthawi yomweyi. Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse.