Wailesi pa njinga yamoto: mmene ndinathetsera phokoso la injini

Ine si makaniko ayi. Ndine mlimi wa fodya ndi chimanga ngati inu nomwe, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Koma poti ambiri mumandiimitsa panjira kufunsa za kachingwe kotuluka m'chipewa changa cha pa mota, a wapampando anati ndifotokozere onse pamodzi lero.

Mota ndinagula mu 2021 nditagulitsa fodya. Chaka chomwecho amalume anga anamwalira ku Mualadzi. Uthenga wa maliro unalengezedwa pa wailesi m'mawa, ine ndili pa msewu wa ku Cassacatiza. Ndinafika anthu akuchokera kumanda. Zinandiwawa, abale anga, ndipo ndinati basi, wailesi iziyenda nane.

Ndinagula wailesi yakale ya m'galimoto ku Tete, poti imadya mavoti 12 monga batire ya mota. Sipika sinathandize, mphepo imatenga mau onse. Ndiye ndinaganiza zolumikiza mahedifoni. Apa ndi pamene ndinalakwa, mumvetsetse. Pa wailesi zambiri za m'galimoto sipika iliyonse ili ndi mawaya ake awiri, ndipo onse awiriwo ali ndi moto. Wa mzere wakuda uja si wa masa ayi. Koma mahedifoni ali ndi waya mmodzi wobwerera wa makutu onse awiri. Ine ndinapota pamodzi mawaya awiri a mzere wakuda, wa kumanja ndi wa kumanzere. Nditayatsa, ndinangomva fungo la chinthu chopserera, kautsi tolo! Ndalama ya fodya inapsa ndikuona. Mayi a kunyumba sanandiyankhule masiku awiri.

Pa wailesi yachiwiri ndinayamba ndafunsa mkulu wina wokonza mawailesi. Iye anati nditenge mawaya a sipika imodzi yokha, ena onse ndiwakulunge ndi tepi aliyense payekha. Pa waya mmodzi anaikapo karezisita ka ma ohm 330, ka mizere ya olenji, olenji ndi bulauni, kochotsa m'wailesi yakufa. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu yoyendetsa sipika ndi yaikulu, ikhoza kuotcha hedifoni ngakhalenso kukuonongani khutu. Anandichenjezanso kuti soketi ya hedifoni isakhudze chitsulo cha mota.

Injini ili chete, mau anali bwinobwino. Nditangoliza mota, eee, ngati chimanga chikukazingidwa m'khutu! Ndinatsala pang'ono kutaya zonse. Koma nditamvetsera modekha ndinazindikira kuti maphokoso alipo awiri. Lina limati the-the-the, kufulumira ndikakoka moto. Lina limalira ngati udzudzu, mau ake kumka nakwera pamodzi ndi injini.

Musanagule kanthu, chitani izi: zulani eriyo injini ikulira. Phokoso limene lasiya ndiye kuti limabwera mu mphepo. Limene latsala likudzera m'mawaya a moto. Kwa ine the-the-the uja anasiya, udzudzu unatsala.

The-the-the amachokera ku pulagi, imene amakaniko a kuno amati vela. Nthawi iliyonse ikathetheka imaponya phokoso ngati kamphezi, eriyo n'kuligwira, makamaka mukatsegula AM. Mankhwala ake ndi pulagi yokhala ndi rezisita m'kati. Pa mapulagi a NGK yang'anani chilembo R pa nambala. Yanga inali C7HSA, ndinaika CR7HSA. Kachipewa ka pulagi, kamene timati kashimbu, kaliponso ka rezisita, kolembedwa 5K. Kanga kanali kong'aluka, ndinasintha. Eriyo nayo ndinaisamutsira kumbuyo, kutali ndi koyilo.

Udzudzu uja ndiwo unandidyera masabata. Umachokera ku magetsi amene injini imapanga potchaja batire. Ine moto wa wailesi ndinali nditauba pa waya wa hutala, poti unali pafupi. Ndinachotsa, n'kukoka waya watsopano kuchokera pa batire penipeni, ndi fyuzi ya ma ampu 5 pafupi ndi batirepo. Fyuzi musaiwale, thanki ya petulo ili pomwepo. Masa ndinali nditamanga pa bawuti ya dzimbiri. Ndinapala mpaka chitsulo chinawala n'kumanganso zolimba. Phokoso linachepa kwambiri. Kotsalako kanatha nditaika kapasita ya 2200, ya mavoti 25, pakati pa waya wa moto ndi masa, pafupi ndi wailesi. Mbali ya mzere ipite ku masa. Mukaitembenuza imaphulika. Ngati mwachita zonsezi koma udzudzu ulipobe, ndiponso mababu akumapsa kawirikawiri, kayezetseni regyuleta.

China, ikani switchi. Batire ya mota ndi yaing'ono. Tsiku lina ndinaiwala kuzimitsa wailesi usiku, m'mawa sitata inangoti kwe, ndipo ana asukulu anaseka mpaka kugwa pondiona ndikulimbana ndi kiki.

Mwina mukufunsa kuti bwanji hedifoni ndimavala imodzi. Poyamba ndinkavala zonse ziwiri. Tsiku lina pa msewu wa tala wochokera ku Tete, lole yopita ku Zambia inandiombera hutala kumbuyo ine osamva, ndikumvera mpira. Mphepo yake inandikankhira m'tchire, bondo ili mpaka lero limandikumbutsa kukazizira. Kuno timayenda kumanzere, wokupitirira amadzera kumanja. Choncho hedifoni ili ku khutu la kumanzere, la kumanja ndimalisiyira msewu, ndipo voliyumu ndimaika yongokwanira kumva mauthenga.

Mota ili panjapo pansi pa mtengo wa mango. Tikatseka ndi pemphero, amene akufuna abwere aone mmene mawaya ayendera, ndipo sipanala ya pulagi ndabwera nayo kuti tione manambala a mapulagi anu.