Za Kukapuma Kunyanja ndi Nkhani ya Kutikita Thupi

(Mawu amene mnzathu wogwira ntchito m'boma anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)



Komiti inandipempha kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani yakuti msonkhano wa chaka chamawa tikachitire kunyanja, pa kamalo kogona alendo kopanda phokoso, m'malo mwa holo ya m'tauni. Ena atamva kuti pamalo otere pamakhalanso anthu otikita thupi, zimene ambiri timangoti masaji, anayamba kutsokomola ndi kuyang'anana. Tsono ndaona kuti ndi bwino tiikambe poyera, akazi athu ndi amuna athu ali pomwepa.

Anzathu a m'makampani amatinena ife a m'boma kuti kunyanja ndi kwathu. Kupita timapitadi. Koma taonani mmene ulendo wake umakhalira. Timafika Lamlungu usiku. M'mawa 8 koloko talowa m'chipinda chotseka makatani kuti zolembedwa pakhoma zioneke. Tiyi wa 10 koloko ndi samusa, masana nsima ya chambo, 3 koloko tiyi wina, madzulo ku bala. Lachisanu tasaina alawansi, uyo pa msewu wa Salima kuthamangira ku Lilongwe. Mlungu wathunthu pa mtunda wa mamita 50 kuchokera pamadzi, phazi osaponda mchenga. Kumeneko si kupuma ayi, ndi ofesi yomwe ija, yangosamuka.

Chimene chikundichititsa kuiona nkhaniyi ngati yofunika ndi tsamba lomaliza la kalata yathu ino, pamene a Mlembi amalemba maina a anzathu otisiya. Masiku ano timamva kuti anangogwa mu ofesi, kapena anadzuka mbali imodzi itafa. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unachita kafukufuku pakati pa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, ndipo unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Tawerengani anthu pa mzere umene mwakhalapowo, atatuatatu. Kachipangizo kakamaonetsa 140 pa 90 kapena kupitirira, nthawi ndi nthawi, ndiye kuti vuto lilipo, ngakhale mutu usakupwetekeni.

Tsono za kutikita. Ena akuganiza kuti ndi zachizungu. Inu amene munakulira kumudzi, kumbukirani zimene agogo ankachita munthu akabwera kumunda msana utauma. Ankatereka madzi pamoto, kuviika kansalu, n'kumuthowa pang'onopang'ono, kenaka kumusisita ndi mafuta a nsatsi. Mayi akachira ankathowedwa masiku angapo. Mwana wakhanda ankamuwongola timanja ndi timiyendo akatha kumusambitsa. Ngakhale kusukulu kwathu kuja, wosewera mpira akagwidwa ndi minofu, mnzake ankamugwira phazi n'kulikankha, wina akumufinya katumba. Palibe amene ankachita nazo manyazi.

Chimene azungu anachita ndi kuziika m'ndondomeko ndi kuziphunzitsa m'kalasi. Katikitidwe kofala m'malo ogona alendo kamatchedwa ka ku Sweden, pokumbukira Per Henrik Ling, amene anatsegula sukulu ya zolimbitsa thupi mu mzinda wa Stockholm mu 1813, ngakhale kuti maina a kayendetsedwe ka manja anawakhazikitsa pambuyo pake ndi dokotala wa ku Holland, Johann Georg Mezger. Ife tinangotsala pa kulemba.

Ndifotokoze zimene mukapeze, kuti wina asakadabwe. Pamalo abwino pamakhala kachisakasa kofolera udzu chapafupi ndi madzi, kotchinga bwino. Mkati muli kabedi kakatali kopapatiza, kokhala ndi bowo poika nkhope. Asanakugwireni amayamba akufunsani ngati muli ndi matenda ena, ngati munachitidwapo opaleshoni, ndi pamene pakukupwetekani. Mumadzikonza nokha iwo atatuluka, ndipo mumafunda thaulo. Amavundukula pokhapo pamene akutikita. Mukhoza kusankha mphindi 30 za msana, khosi ndi mapewa, kapena ola lathunthu la thupi lonse, kapena mapazi okha. Ena amagwiritsa ntchito miyala yosalala yotenthetsa m'madzi, kumene kuli kuthowa kwa agogo komwe kuja kutavala tayi. Mafuta ake amakhala a kokonati kapena a malambe. Amayamba ndi kusisita mopepuka kuti mnofu ufunde, kenaka kukanya monga mmene amayi amakanyira ufa wa mandasi, ndi kutsindika ndi chala chachikulu pamene pali mfundo. Ife okhalira mpando ndi kompyuta mfundozo zimakhala pakati pa mapewa ndi m'munsi mwa msana. Kukapweteka nenani, achepetse mphamvu. Palibe mphotho ya wopirira.

Chinthu chimodzi chimene ndimakonda pamalo otere ndi chakuti safuna wailesi. Mafunde okha akwanira. Munthu amene wakhala miyezi akugona maola anayi amapezeka akuliza mkonono pasanathe mphindi 20.

Apa ndiyankhule mosapita m'mbali, chifukwa timapepala totsatsa malonda timalonjeza zambiri. Kutikita kumachepetsa kupweteka kwa msana ndi khosi kwa kanthawi, kumatsitsa nkhawa, ndipo kumathandiza tulo. Zimenezi ndi zoona ndipo si zazing'ono. Koma sikuchiza kuthamanga kwa magazi, sikuchiza shuga, ndipo sikuchotsa "poizoni m'thupi" monga ena amalembera. Ntchito imeneyo ndi ya impso ndi chiwindi. Amene muli pa mankhwala a BP musakawasiye pakhomo poganiza kuti mpweya wa kunyanja ukalowa m'malo mwake. Palinso nthawi zimene simuyenera kutikitidwa n'komwe: thupi likatentha, pakakhala bala kapena nthenda ya pakhungu, kapena pamene pathyoka posachedwa. Choopsa kwambiri ndi mwendo umodzi wotupa, wotentha ndi wopweteka, makamaka mutayenda ulendo wautali mutakhala pansi. Nthawi zina amakhala magazi oundana mu mtsempha, ndipo kuufinya kukhoza kuwasuntha n'kukatseka m'mapapo. Mwendo wotero ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera ayambe afunsa kusikelo.

Nanga kutsokomola kuja? Tonse taona timapepala tokhomedwa m'mitengo m'tauni, tolembedwa mawu amodzi ndi nambala ya foni. Mbiri ya ntchitoyi inaipira pamenepo. Koma amene ndikunenawa ndi anyamata ndi atsikana amene anaiphunzira, ena ochokera m'midzi yomweyo ya m'mbali mwa nyanja, ndipo malipiro awo akuphunzitsa abale awo monga mmene ena a ife tinaphunzirira ndi ndalama za mlongo wogwira ntchito. Muli ndi ufulu wopempha kuti akutikiteni mwamuna kapena mkazi mnzanu, kapena kuti mulowe limodzi ndi akunyumba kwanu. Ndipo abambo anzanga, pepani ndinene: mtsikana ameneyo ndi msinkhu wa mwana wanu woyamba. Tikapite kumeneko ndi dzina la sukulu yathu, tikabwere nalo loyera.

Kutikita ndi ola limodzi chabe pa masiku awiri. Zotsalazo ndi zaulere. A WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kuyenda ndawala pamchenga m'mamawa, asodzi akukoka makoka, ndi chiyambi chabwino. Amatinso mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli kasupuni kamodzi ka tiyi, choncho chambo chowotcha chikafika patebulo tichilawe kaye tisanatambasule dzanja. Malo ena amachititsa zowongola thupi pagombe dzuwa lisanatuluke. Amene tinkathawa kuthamanga kwa Lachitatu masana pobisala kuseri kwa labu, mwayi wobweza ngongole ndi umenewu.

Nyanja ili ndi zake zofunika kusamala. Amishoni a Livingstonia anayamba kukhala ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo anawasamutsira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe. Udzudzu umene unawathamangitsa uja sunasamuke. Tikagone m'masikito, ndipo amene adzamve kuphwanya m'thupi atabwerako akayezetse magazi, asadzati ndi zotsatira za masaji. Likodzo nalo lilipo, makamaka m'madzi odekha a m'mabango ndi pafupi ndi midzi, m'mene mumakhala nkhono zake. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma sapha tizilomboto tikadali tating'ono, kotero kumwa tsiku lochoka kunyanja n'kutaya mapiritsi. Osambira akaonane ndi achipatala patapita miyezi iwiri kapena itatu.

Za nthawi ndi malo, maganizo anga ndi awa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, madzi amawinduka ndipo m'mawa kumazizira. Okutobala ndi ng'anjo. Ine ndingasankhe Sepitembala. Kwa a ku Lilongwe, Salima ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo Senga Bay ndi kungopitirira pang'ono. A ku Blantyre ndi Zomba adzanena za Mangochi, a kumpoto adzatikumbutsa mchenga woyera wa ku Chintheche. Mkangano umenewo ndausiyira a Wapampando. Chokhacho, komiti itume munthu akaone malowo ndi maso, chifukwa mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri mpaka madzi analowa m'malo ena ogona alendo, ndipo chithunzi chakale chikhoza kutinamiza. Akafunsenso mtengo wa kutikita padera, ulembedwe, popeza kawirikawiri sukhala m'kati mwa mtengo wa chipinda.

Ndikudziwa kuti si tonse amene matumba ali ofanana, ndipo sindikufuna ulendo wa mabwana okhaokha. Ndikupempha a Msungichuma atsegule kabuku kuti tizisonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndi kuti aphunzitsi athu opuma tiwanyamule ife. Ndikupemphanso anzathu a chipatala amene ali pakati pathu adzatenge kachipangizo koyezera BP ndi koyezera shuga, kuti Loweruka m'mawa, tisanadye kadzutsa, aliyense adzayezedwe, kuyambira a Wapampando. Pulogalamu ya zokambirana isadzapitirire maola awiri, ndipo tidzakhale pansi pa mtengo.

Ofuna kupita alembetse maina kwa a Mlembi tisanabalalike lero.