Kodi Wotichiza Amachizidwa ndi Yani?

 Lero tikamba za achinyamata amene akuphunzira udokotala, ndi momwe lamya ya m'manja ingawapepuzire nkhaŵa zimene ntchito yawo imawasenzetsa.

Tiyambire ku Chiradzulu, kwawo kwa Dr Daniel Malekebu, Mmalaŵi woyamba kukhala dokotala. Iye anatsiriza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America m'chaka cha 1917, ndipo mu 1926 anadzatsegulanso mishoni ya PIM ku Mbombwe. M'masiku amenewo wophunzira akasweka mtima kutali ndi kwawo ankalemba kalata, nadikira yankho milungu yambiri. Lero ana athu amaphunzira konkuno, pakuti College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mtunda unafupika, koma katundu wa mumtima akadalipo.

Kumbukirani mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri, matope nakwirira mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Chipatala cha Queen Elizabeth, kumene ophunzira ambiri amagwira ntchito, chinadzaza ndi ovulala mliri wa kolera usanathe. Mnyamata kapena mtsikana amene wachezera usiku wonse pakati pa maliro otere amapita kukagona ndi zimene waona, ndipo kaŵirikaŵiri sauza munthu, poopa kuti anzake amuyesa wofooka.

Vutoli silili kwathu kokha. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya JAMA inasonkhanitsa zofufuza za m'maiko ambiri, nipeza kuti pafupifupi 29 mwa madokotala 100 ongoyamba kumene ntchito anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo. Chaka chomwecho Dr Constance Guille ndi anzake ku America anafalitsa zimene anapeza pa madokotala atsopano 199. Theka la iwo linapatsidwa maphunziro a pa intaneti otchedwa MoodGYM, ophunzitsa munthu kuzindikira maganizo omufooketsa ndi kuwawongola, mphindi 30 pa mlungu kwa milungu inayi. Mwa ameneŵa, 12 pa 100 ndiwo anadzaganizapo zodzipha m'chaka chawo choyamba, pamene mwa enawo anali 21 pa 100. Maola aŵiri okha anachepetsa chiopsezo chotere.

Kuno kwathu uphungu wa pa lamya si wachilendo. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo chinafalikira m'dziko lonse. Ngati mayi woyembekezera amathandizidwa ali kumudzi, n'chotheka kuti wophunzira amene ali pa chipatala cha Chiradzulu kapena cha Nguludi alankhule ndi phungu pakati pa usiku popanda womuona.

Komabe pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba ndi chinsinsi: wophunzira sadzaulula za mumtima ngati akuopa kuti mau ake akafika kwa omupatsa malikisi. Chachiŵiri ndi mtengo: thandizo lofuna ndalama zambiri za intaneti silifika kwa mwana wa mlimi. Chachitatu, lamya siloŵa m'malo mwa tulo, chakudya, kapena dokotala wamkulu womvetsera. Matenda akakula, munthu aonane ndi akatswiri, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu.

Ndipo inu makolo, amalume ndi azakhali amene mwana wanu ali m'maphunziro ameneŵa, lamya ili m'manja mwanu nayonso ndi mankhwala. Mukamuimbira, musayambe ndi za feteleza kapena za fizi ya abale ake. Yambani mwamufunsa ngati wagona, ngati wadya, ndi chimene chamusautsa sabata ino. Kenaka khalani chete, mumumvere. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.