KODI WOCHI IDZIWA MPHAMVU IMENE THUPI LATENTHA?

Nkhani ya lero iri ya wochi ya makono imene amaicha smartwatch. Wochi imeneyi siingonena nthawi yokha ai. Imawerenganso mapazi amene munthu waponda, kugunda kwa mtima wace, ndi makalori amene thupi lace latentha pothamanga kapena popalasa njinga. Kalori ndiwo muyeso wa mphamvu ya m'cakudya, monga mailo ali muyeso wa ulendo. Tsono anthu ambiri a m'matauni, makamaka onenepa ndi odwala nthenda ya shuga, amayang'ana nambala imeneyi asanakhale pa nsima. Kodi ayenera kuikhulupirira?

Poyamba kufunika kudziwa m'mene wochi igwirira nchito. Kunsi kwace kuli kanyali kobiriwira kamene kamaunika pakhungu. Mwazi umameza kuunika kobiriwirako, ndipo mtima ukagunda mwazi umacuruka m'mitsempha ya pa mkono, kotero kuti kuunika kobwerera ku wochi kumacepa. Mwa njira iyi wochi imawerenga kugunda kwa mtima. M'kati mwace mulinso kacipangizo kamene kamamva kugwedezeka kwa mkono. Koma palibe kanthu m'wochimo koyesa makalori. Iyo imangotenga kugunda kwa mtima, kugwedezeka kwa mkono, zaka za mwini wace, msinkhu wace ndi kulemera kwace, nicita masamu ongoyerekeza.

Madotolo akafuna kudziwa zeni-zeni amacita mwina. Amabveka munthu cophimba pamphuno ndi pakamwa, nayesa mpweya umene apuma, pakuti thupi silitentha cakudya popanda mpweya wa okosijeni, monganso makala sayaka m'mbaula yotsekeka. Lita imodzi ya okosijeni imaturutsa makalori pafupi-fupi 5.

M'caka ca 2017 akatswiri a pa Stanford University ku America, motsogozedwa ndi Dr. Euan Ashley, analinganiza njira ziwirizi. Anatenga anthu 60, amuna 29 ndi akazi 31, nawabveka mawochi a mitundu 7, pakati pace Apple Watch, Fitbit Surge ndi Samsung Gear S2. Anthuwo anakhala pansi, anayenda, anathamanga ndi kupalasa njinga. Pa kugunda kwa mtima mawochi anakhoza ndithu: 6 mwa 7 sanaphonye koposa 5 pa 100. Koma pa makalori panalibe ngakhale imodzi yokhoza. Yopambana zonse inaphonya ndi 27 pa 100, ndipo yotsiriza inaphonya ndi 93 pa 100, ndiko kunena kuti nambala yace inalibe nchito konse. Wina anganene kuti amenewo anali mawochi akale. Komatu m'caka ca 2020 akatswiri ena a ku Canada anasonkhanitsa zofufuza 158 za zipangizo zotere, napeza comweco: panalibe mtundu woyesa makalori molondola.

Cifukwa cace sicobvuta kucimva, makamaka kwa anthu a nchito ya manja. Munthu wokankha wilibala yodzala miyala amakhetsa thukuta, koma manja ace ali phee pa zogwirira, ndipo wochi siimva bwino kuti iye ali kuyenda. Mnzace wogwira makina oboolera mwala, mkono wace umanjenjemera kosaleka ngakhale iye waima malo amodzi. Nanga kutentha? Pansi pa mgodi, kapena pafupi ndi ng'anjo yosungunulira mkuwa, mtima umagunda msanga kuti utumize mwazi kukhungu kukaziziritsa thupi. Wochi ikaona mtima uli kuthamanga imayesa kuti minofu iri pa nchito yaikuru, pamene munthuyo angolimbana ndi cifundizi. Mantha ndi malungo zimacitanso cimodzimodzi. Ndipo mankhwala ena a kuthamanga kwa mwazi amacedwetsa mtima, kotero kuti wochi imacepetsa nchito ya munthu amene watopadi. Pamwamba pa zonsezi anthu sali ofanana: wozolowera kuthamanga ndi wongoyamba kumene angayende mtunda umodzi, koma mitima yao siigunda mofanana.

Coopsa ciri pa mbale. Munthu wathamanga madzulo, wochi yamuuza kuti watentha makalori 500. Ngati yaonjezera ndi 27 pa 100, coonadi ciri pafupi ndi 400. Iye pokondwa amadzipatsa mphotho ya botolo la cakumwa cotsekemera, m'mene muli makalori ngati 140, naonjezanso mtanda wa nsima. Pakutha pa miyezi itatu adabwa kuti lamba akali pa cibowo comwe cija. Kwa wodwala shuga kulakwa kotere sikuli kwa lamba kokha, pakuti cakudya cace ciyenera kuyenderana ndi mankhwala amene dotolo anamlembera, osati ndi nambala ya pa mkono.

Pali nchito imene wochi iikhoza. Munthu yemweyo akayenda njira yomweyo sabata ndi sabata, angathe kuona ngati mtima wace wayamba kugunda mofatsa pa citunda cimene kale cinkamtsamwitsa. Kuti iwerenge bwino, imangidwe yothina pang'ono, pamwamba pa fupa la pamfundo ya dzanja, ndipo mwini wace alembemo kulemera kwace koona monga sikelo ya ku cipatala yanenera.