Zimene Mabakiteriya a M'matumbo Amatichitira

Ena mwa inu amene mudakhala ku London kapena ku Johannesburg mudaonako mapiritsi odula olembedwa kuti "flavonoids". Lero ndikufuna ndikuuzeni kumene zinthu zimenezi zimathera m'thupi.

Ma flavonoid amapezeka mu tiyi wathu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, mu anyezi, nyemba, soya ndi malalanje. M'chaka cha 1936 Albert Szent-Györgyi wa ku Hungary adawayesa vitamini, nawatcha vitamini P, koma dzinali lidasiyidwa pambuyo pake.

M'chomera ambiri amakhala atalumikizana ndi shuga. Ochepa okha, monga quercetin wa mu anyezi, amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Amenewa chiwindi chimawasintha msanga, impso n'kuwatulutsira mu mkodzo. Otsalawo amatsikira m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya amachotsa shuga uja n'kuwaphwanya kukhala tizidutswa ting'onoting'ono. Tizidutswa timeneti ndito timalowa m'magazi mochuluka.

Komatu mabakiteriya athu safanana. Anthu awiri akhoza kudya soya mbale imodzi, koma mwa mmodzi yekha mabakiteriya n'kusandutsa daidzein wa mu soyayo kukhala chinthu chotchedwa equol, mwa mnzake ayi.

Choncho, abale anga, ndikupempha ziwiri. Musamamwe makapisozi ogula pamsika popanda dokotala, chifukwa maantibayotiki amaphanso mabakiteriya otithandizawa. Ndipo ndalama ya mapiritsi odula aja mugulire nyemba, zipatso ndi ndiwo zamasamba.